Vinyo wa mphatso kwa alendo a msonkhano: titenge uti ndi kutentha kumeneku?

Wa ku reception, Makawa:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Msonkhano umene uli pa loji pathu ukutha Lachisanu, ndipo okonza apempha mabotolo atatu a vinyo okulunga bwino. Limodzi ndi la mlendo wolemekezeka, bambo wachikulire wa ku Lilongwe. Awiri ndi a aphunzitsi: mayi wa ku Blantyre, ndi bambo wina amene akukwera ndege ku Chileka Loweruka kubwerera ku Nairobi. Ndalama zake ndi zapakatikati. M'sitolo tili ndi ofiira awiri, Cabernet Sauvignon wa Nederburg ndi Pinotage, woyera wa Chenin Blanc wa chaka chatha, Four Cousins wa rosé (wa pinki), JC Le Roux wa thovu, ndi woyera wina wa Sauvignon Blanc amene chaka chake pa lebulo ndi cha zaka zinayi zapitazo. Ndipereke uti kwa ndani?

Mayi woona za alendo, Nkopola:
Achimwene, musanagwire botolo, funsani okonzawo ngati anthu atatuwa amamwa. Kuno ku Mangochi tonse tikudziwa kuti anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo pali a Seventh Day ndi Akhristu ena amene mowa salawa n'komwe. Kumupatsa munthu wotere botolo pamaso pa gulu ndi kumuika pamalo ovuta: akana bwanji, alandira bwanji? Yankho lili pafupi. Onani mabilu a ku bala a masiku amene agona, mufunsenso woperekera zakudya pa tebulo lawo. Amene wakhala akuitanitsa madzi ndi juwisi basi, mukonzereni khofi wa ku Mzuzu kapena tiyi wa ku Thyolo. Vinyo wochotsedwa mowa musamuthamangire, chifukwa wambiri amatsala ndi kamowa kofika 0.5%, ndipo ena botolo lokhalo silimawasangalatsa.

Wa ku reception, Makawa:
Zikomo amayi. Ndafunsa. Onse atatu amamwa. Bambo a ku Lilongwe amaitanitsa wofiira akamadya nyama yootcha, mayi aja amamwa Savanna, winayo amamwa chilichonse.

Woyang'anira bala, Cape Maclear:
Basi ntchito yapepuka. Bambowo apatseni Cabernet. Munthu amene amaitanitsa yekha wofiira anazolowera kale kukhakhala kuja kumene kumatsala pa lilime ngati wamwa tiyi wakuda wopanda shuga. Kumachokera ku makoko a mphesa, ndipo mafuta a nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe ndi amene amakufewetsa. Pinotage ndi wabwinonso, ndipo ali ndi mbiri yoti mungawauze: mphesa yake inapangidwa ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Koma amagawa anthu, ena amamukonda zedi, ena amadana ndi kafungo kake ka utsi. Pa mphatso ndingasankhe Cabernet.

Mayi akumwa Savanna si munthu wa zotsekemera kwambiri, amakonda chozizira chowawasa pang'ono. Chenin Blanc wa chaka chathayo ndi wawo. Amayenda bwino ndi chambo chootcha kapena nkhuku.

Wa ku sitolo, Monkey Bay:
Ndikugwirizana nazo, koma mwalumpha chachikulu. Dzina la pa lebulo silithandiza ngati botololo linapsa m'sitolo. Vinyo amafuna madigiri 12 mpaka 15, pomwe kuno mwezi wa October masana timapitirira 35, ndipo sitolo ya malata yopanda siling'i imatentha kuposa panja. Vinyo akatentha amafufuma n'kukankha chotsekera, usiku akazizira amabwerera n'kukoka mpweya. Zikachitika tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, mpweya uja umamuwononga.

Tsono tengani botolo lililonse mupite nalo powala. Yendetsani chala pamwamba pa chotsekera: chikhale chofanana ndi mlomo wa botolo kapena cholowa pang'ono. Chikatukuka, libwezeni. Yang'anani pansi pa kachitsulo kokuta khosi ngati pali zomata kapena mzere wouma wotsikira ku lebulo, chimenecho ndi chizindikiro choti anadontha. Vinyo afike m'khosi mwa botolo, mpata pakati pa iye ndi cork (chotsekera cholowa m'khosi chija) usapitirire masentimita awiri. Akatsikira pa mapewa, ameneyo si wa mphatso. Woyera akhale wotuwa mopita ku chikasu chowala. Akayamba kuoneka ngati bulauni, watha.

Sauvignon Blanc wa zaka zinayi uja muchotseni pa mndandanda. Mtundu umenewu amaupanga kuti umwedwe usanathe zaka ziwiri kapena zitatu. Kumbukiraninso kuti ku South Africa amakolola mphesa pakati pa January ndi April, ndiye chaka cha pa lebulo chimayambira kumayambiriro kwenikweni. Mawu oti vinyo amakoma akakalamba amagwira pa mabotolo ochepa odula osungidwa pozizira, osati awa timagulitsa tsiku ndi tsiku.

Njira yotsimikizika ndi kutsegula limodzi la m'katoni yomweyo n'kulawa, kenako n'kuligulitsa pa magalasi ku bala. Botolo la 750 ml limatulutsa magalasi asanu a 150 ml, ndiye palibe chotayika. Akamveka ngati zipatso zophikidwa kapena viniga, katoni yonse ikayikireni. Fungo la katoni yonyowa ndi vuto lina, limachokera ku cork ndipo limagwira botolo limodzilimodzi. Mabotolo a chotsekera chopotokola kawirikawiri sakhala nalo vutoli.

Shefu, Namiasi:
Ine pa mayiwo ndikusiyana nanu pang'ono. Mwa alendo athu Achimalawi amene samwa vinyo kawirikawiri, ambiri amasankha wotsekemera, ndipo Four Cousins amatha msanga kuposa ena onse. Mowa wake sufika 10%, ndipo ndi ndiwo za kambuzi kapena Nali amayenda bwino, chifukwa shuga amaziziritsa tsabola pomwe wofiira wa 14% amaukolezera. Munthu apatsidwe chimene adzatsegule.

Woyang'anira bala, Cape Maclear:
Zoona shefu, koma iyi ndi mphatso yoperekedwa pamaso pa anthu, ndipo mtengo wa Four Cousins aliyense amaudziwa. Mayiwo akaona anzawo alandira Nederburg iwo alandira wa ku phwando la kubadwa, adzamva kuchepetsedwa. Mabotolo atatuwa akhale a mulingo umodzi. Ngati mukufuna wotsekemera pang'ono, werengani lebulo: wolembedwa dry shuga wake sapitirira magalamu 5 pa lita, semi-sweet amafika 30, natural sweet amayambira pamwamba pa 20. Pa za thovu, Brut ndi wosatsekemera, Demi-Sec ndi wotsekemera.

Shefu, Namiasi:
Pa za mulingo ndavomera. Chenin apite, bola akhale wa mtengo woyandikana ndi Cabernet.

Mayi woona za alendo, Nkopola:
Wa ku Nairobi bwanji? Vinyo wa ku South Africa kwawo ali mbwee m'mashopu. Munthu wodutsa malire amasangalala ndi chinthu cha kuno. Pali Linga, amene amapangidwa ku Lilongwe kuchokera ku zipatso monga jambula, mabulosi ndi mapulamu. Ngati galimoto yanu ya katundu ikubwera Lachinayi, itanitsani limodzi. Muwauze kuti ndi wa zipatso, asayembekezere kukoma kwa mphesa. Akapanda kupezeka, Pinotage ali bwino.

Wa ku sitolo, Monkey Bay:
Za ndege zili chonchi. Botolo silidutsa m'chikwama cha m'manja, malire ndi 100 ml. Lilowe m'sutikesi yopita pansi, ndipo chakumwa chosafika 24% amachilola mmenemo. Muwauze lero, chifukwa ena amayenda ndi kachikwama ka m'manja kokha, ndiye mphatso idzatsala pa geti ku Chileka. Pokulunga, yambani ndi pulasitiki yomanga bwino kuti likasweka zovala zipulumuke, kenako nyuzipepala kapena bubble wrap kawiri, makamaka pa khosi, pepala lokongola pamapeto. JC Le Roux musamupereke kwa woyenda ulendo wautali. M'botolo muli mpweya wambiri, ndipo kutentha ndi mabampu a msewu wa ku Liwonde sizigwirizana naye.

Opita pa galimoto, botolo lisalowe m'buti. Likhale pansi kuseri kwa mpando, choimika, lophimbidwa ndi nsalu, ndipo akaima kudya pa Liwonde kapena pa Salima asalisiye m'galimoto yotseka padzuwa.

Woyang'anira bala, Cape Maclear:
Onaninso kachidindo ka pa khosi. Vinyo wa ku South Africa wotsimikizidwa amakhala ndi chidindo cha bungwe lotsimikizira vinyo chokhala ndi manambala. Chimatanthauza kuti dera, chaka ndi mtundu wa mphesa zolembedwazo ndi zoona, ndipo mphesa yotchulidwayo ndi yosachepera 85%. Chikhale chosang'ambika. Lebulo yonyowapo mu ayezi n'kukwinyika isapite ku mphatso, ngakhale vinyo ali bwino.

Ikani kakhadi kakang'ono m'kati. Pa Cabernet lembani kuti alowe m'firiji mphindi 20 kapena 30 asanatsegule, afike madigiri 16 mpaka 18, chifukwa akamwedwa pa kutentha kwa m'nyumba zathu amangomveka mowa wokha. Chenin akhale maola awiri m'firiji, pa madigiri 8 mpaka 10. Akatsegula, atseke n'kubwezera m'firiji, amalize pasanathe masiku atatu.

Wa ku reception, Makawa:
Zikomo nonse. Ndayang'ana ndi a ku sitolo kwathu. Pa ma Cabernet asanu ndi limodzi, awiri cork yatukuka, tawapatula. Tatsegula limodzi mwa otsalawo, lili bwino. Chenin ndi wa chotsekera chopotokola ndipo mtundu wake ndi wowala. Linga taitanitsa, afika Lachinayi. Funso lomaliza: mpaka Lachisanu ndiwasunge kuti? Magetsi akuzimazima.

Wa ku sitolo, Monkey Bay:
M'cold room ya ku khitchini, ngati ili pa jenereta, m'katoni yotseka, kutali ndi nsomba ndi anyezi kuti fungo lisalowe m'mapepala. Muwatulutse Lachisanu m'mawa, adikire ola limodzi thukuta la pa botolo liume, mupukute, muchotse kapepala ka mtengo, kenako mukulunge. Mukakulunga akadali ozizira, pepala linyowa ndipo lebulo imatuka.