Stata ya ophunzira: ndigule kapena ndingolimbana ndi R?

Tiyamike: Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndafunsa alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Thyolo ngati akukhutira ndi mtengo wa masamba. Mayankho ake ndi okwera ngati makwerero: ayi ndithu, pang'ono, ndithu, kwambiri. Supavaiza akuti ndipange ordinal logistic regression, njira yosanthulira mayankho okwera motere. Ndigule laisensi ya miyezi 6 ija ya Stata, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala?

Limbani: Gulani chemwali. Mukalemba lamulo la ologit, ma variable anu, kumapeto chizindikiro cha koma (,) ndi mawu akuti or, basi ma odds ratio (oonetsa mphamvu ya chinthu chilichonse) atuluka ndi ma p-value ake (othandiza kuona ngati zotsatirazo sizangochitika mwamwayi).

Madalitso: Achimwene, model imodzi mpaka kulipira madola? Ndalama zakunja mmene zikuvutiramu? Pulogalamu ya R ndi yaulere, ndipo polr, lamulo lopangira model yomweyo, ili mu package ya MASS, yomwe imabwera nayo kale. Bandulo simuwononga.

Limbani: Koma polr sionetsa ma p-value, umachita kuwerengetsa wekha. Munthu wangotsala ndi miyezi yochepa, ayambe kuphunzira R lero?

Madalitso: Ndiye atenge clm, lamulo lina la mu R, ya mu package ya ordinal, imaonetsa. Kaya pulogalamu ya jamovi, yaulerenso, yongodinadina.

Mayi Nachuma: Ana inu, mukulimbirana pulogalamu pomwe nkhani yagona pena. Model imeneyi imatenga kuti mphamvu ya chinthu chilichonse ndi yofanana pa malire onse a mayankho. Tinene kukula kwa munda. Ngati kukukweza mlimi kuchoka pa "ayi ndithu" kufika pa "pang'ono", model imati kukumukweza chimodzimodzi kuchoka pa "ndithu" kufika pa "kwambiri". Kwa alimi zimenezi sizichitika nthawi zonse. Wa munda waukulu angathe kusiya kudandaula, koma osafika ponena kuti wakhutira kwambiri, poti feteleza amagulanso wambiri. Pa difensi, poteteza kafukufuku wako, adzakufunsa zimenezi, Tiyamike, sadzakufunsa kuti unagula chiyani.

Tiyamike: Nanga zimenezo ndimaziyesa bwanji, mayi?

Mayi Nachuma: Pali Brant test. Mu Stata lamulo la brant silibwera lokha, umachita kuika kuchokera pa intaneti, chimodzimodzi gologit2 yomwe umathawirako ganizo lija la mphamvu zofanana likaphwanyika. Mu R uli ndi nominal_test ukagwiritsa clm. Konseko ntchito ilipo.

Limbani: Komabe mayi, mabungwe ambiri polemba ntchito amafunsa Stata. Aphunzire chomupezetsa ganyu mawa.

Madalitso: Miyezi 6 ikatha laisensi yatha. Supavaiza akadzabweza chaputala mochedwa kuti ukonze, uguleso?

Tiyamike: Apo mwandigwira mtima, poti kubweza ndiye amabweza. Ndiyamba ndafunsa ngati labu yathu ili ndi Stata kale. Ikasowa, Madalitso undiphunzitse clm Loweruka.

Mayi Nachuma: Usanapite kulikonse, werenga kuti yankho lililonse lili ndi alimi angati. Ngati a "kwambiri" ndi ochepetsetsa, ganizira zowaphatikiza ndi a "ndithu". Tumiza tebulolo muno tione.