Kodi utsi wa jenereta ungatsukike ndi madzi?

Makanika wa ku Makawa:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimakonza majenereta a dizilo m'malo ogona alendo, kuyambira Makawa mpaka Nkopola. Magetsi akathima injini zimalira usiku wonse, ndipo alonda akudandaula kuti utsi ukuwakanda pakhosi, wina akutsokomola osaleka. Ndaganiza zomiza paipi ya utsi m'dramu ya madzi kuti uzitsukika usanatuluke. Zingathandize?

Mphunzitsi wa sayansi, Namwera:
Achimwene, madziwo agwirako mwaye, koma choopsa chenicheni chidutsa. Moto wa m'injini ukatentha kwambiri, nayitrojeni ndi okosijeni za mumpweya womwe timapumawu zimalumikizana n'kupanga mipweya yotchedwa NOx. Yambiri mwa iyo, pafupifupi magawo 9 mwa 10, ndi mpweya wotchedwa NO (nitric oxide), ndipo NO sasungunuka m'madzi kwenikweni, angotuluka m'dramumo ndi thovu. Akafika panja amasanduka NO2, wofiirira uja, ndipo ameneyo ndiye amapweteka mapapo, makamaka kwa odwala mphumu.

Njira imene imagwiradi ntchito ndi ya yureya. Amaipopera m'paipi yotentha, imasanduka amoniya, kenaka pa catalyst, chipangizo cha m'paipimo chimene chimafulumizitsa kusintha kwa mipweya, amoniyayo imaphwanya NOx. Chotuluka ndi nayitrojeni wamba ndi nthunzi basi. M'ng'anjo zazikulu, monga zowotchera simenti, amatha kupopera popanda catalyst, bola pamalopo pakhale potentha madigiri 850 mpaka 1,100. Pakazizirapo, amoniya imathawa osagwira ntchito.

Dalaivala wa thiraki:
Aphunzitsi anena zoona. Ndi AdBlue uja timathira m'mathiraki atsopanowa, yureya 32.5 peresenti m'madzi oyeretsedwa. Chonde wina asayese kusungunula feteleza wa kumunda ati ndi chimodzimodzi. Ali ndi zinyalala zimene zimatseka nozo ndi kuwononga catalyst. Komanso dramu yanuyo bwana, utsi ukamavutika kutuluka injini imatsamwa, ndipo pozimitsa imatha kukoka madzi.

Mayi wa ku labu, Mangochi Boma:
Ine chimandisangalatsa ndi njira ya mabakiteriya, imene anaifufuza kwambiri ku Netherlands. Popeza NO amakana madzi, amathiramo ayironi womangidwa ndi mankhwala a EDTA, ndipo ayironiyo amamugwira NO msanga. Madziwo amapita m'thanki ya mabakiteriya, amene amadyetsedwa ethanol, n'kusandutsa NO kukhala nayitrojeni. Vuto ndi lakuti okosijeni wa mu utsi amafooketsa ayironi uja, ndiye mabakiteriya amakhala ndi ntchito yachiwiri yomubwezeretsa mphamvu. Zonsezi zimachitika pa madigiri 50 kapena kupitirira pang'ono, osati moto wa ng'anjo. Koma zimenezi n'za mafakitale, bambo, si za jenereta ya pa loji.

Inu chitani izi: talikitsani paipi ipitirire denga, isaloze kumene alonda amakhala. Ndipo asamagone m'kanyumba ka injini ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, muli mpweya wa carbon monoxide umene sununkha koma umapha. Amene akutsokomolayo apite kuchipatala akamuyeze.

Makanika wa ku Makawa:
Zikomo nonse. Dramu ndaisiya, mawa ndikawotcherera paipi yaitali. Amayi, nanga ku chigayo cha dizilo kumene anthu amakhala pamzere tsiku lonse, tingochita chimodzimodzi?