Kodi IB Diploma imamukonzekeretsadi mwana ku yunivesite?

Mayi_wa_Atsikana:
Moni nonse. Mwana wanga watsala pang'ono kumaliza mayeso a kusekondale a IGCSE, ndiye akufunika asankhe pakati pa A Level ndi IB Diploma (International Baccalaureate), omwe ndi maphunziro a zaka ziwiri okonzekera ku yunivesite. Iyeyo mtima uli pa udokotala basi. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ku IB amutengetsa maphunziro 6, pomwe ku A Level atha kutenga atatu okha n'kulimbikira pomwepo. Kugwira zambiri chonchi sikumusokoneza? Amene munadutsamo tandithandizeni chonde.

Wa_Chaka_Chachitatu:
Mayi, ine ndinalemba IB ndipo panopa ndili ku yunivesite. Maphunziro alipodi 6, koma salemera mofanana. Atatu amakhala a Higher Level, maola 240 lililonse, enawo a Standard Level, maola 150. Biology ndi Chemistry akaziika pa Higher Level, sayansi aiphunzira mozama ndithu.

Koma chimene chinandipindulira kwambiri ndi Extended Essay. Umasankha wekha funso, n'kufufuza, n'kulemba mawu osapitirira 4,000. Ine ndinafufuza mmene kutentha kumachepetsera vitamin C m'madzi a zipatso. Nditapereka zomwe ndinalemba koyamba, aphunzitsi ondiyang'anira ankangoloza ndime ndi ndime n'kumandifunsa kuti umboni wake uli kuti. Zinkandiwawa, koma titafika chaka choyamba ku yunivesite, anzanga ena kanali koyamba kumva zoti mfundo ukaitenga kwa wina uyenera kutchula komwe waitenga. Ine zimenezo zinali zitandilowa kale. Dokotala amalembanso malipoti ndi kulankhula ndi anthu, ndiye maphunziro a chilankhulo omwe ali mu IB asawaone ngati otaya nthawi.

Aphunzitsi_a_Masamu:
Wanena zoona mwanayu, koma ndiwonjezerepo mbali yowawayo. Phunziro lililonse limafika mapointi 7, ndipo ena 3 amachokera ku Extended Essay ndi Theory of Knowledge, onse pamodzi 45. Kuti apeze diploma pafunika osachepera 24. Palinso CAS, ntchito zaluso, zolimbitsa thupi ndi zothandiza anthu. Ilibe mapointi, koma akapanda kuimaliza diploma sapatsidwa. Chaka chachiwiri zonsezi zimabwera nthawi imodzi. Ndaonapo ana anzeru kwambiri akulira chifukwa anazolowera kuwerenga mayeso atayandikira. Ngati mwana wanu amadziuza yekha nthawi yowerenga, akwanitsa. Ngati mumachita kumukumbutsa, kambiranani bwinobwino.

Musanasankhe maphunziro, yambani mwaona zomwe mayunivesite omwe akufuna amafuna. Yunivesite ya Oxford ku England imafuna mapointi 38 mpaka 40, kutengera kosi. Ku America mayunivesite ambiri amamuchotsera makosi ena a chaka choyamba mwana amene wakhoza bwino pa Higher Level.

Mayi_wa_Atsikana:
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Zowerenga sindimukumbutsa, ine ntchito yanga ndi kumuuza kuti azimitse magetsi akagone. Nanga Theory of Knowledge yo ndi chiyani kwenikweni?

Wa_Chaka_Chachitatu:
Ndi phunziro lofunsa kuti zomwe timati tikudziwa tazidziwa bwanji. Mwachitsanzo, umboni wa mu labu umasiyana pati ndi umboni wa wolemba mbiri yakale? Pomaliza umalemba nkhani ya mawu osapitirira 1,600. Muuzeni alankhule ndi ana omwe ali chaka chachiwiri pasukulu yomwe akufunayo, awafunse mmene aphunzitsi amagawira masiku operekera ntchito.