Thandizeni, mwana wanga akulira chifukwa cha katuni

Wobisa dzina: Abale, mwana wanga wamwamuna amaonera Adventure Time pa Cartoon Network, ya Finn ndi galu wake Jake ija. Dzana ndinamupeza akusisima pamkeka, nsima osaikhudza. Akuti Finn atawapeza bambo ake omubala, bambowo anamuthawanso, mkono n'kudukira pomwepo. Mpaka lero mwanayu ali duu. Dikoda ndimalipira ndekha ndi geni yanga ya mandasi, koma rimoti amagwira ndi alamu anga amene anabwera mu Januwale, ndiwo sanagulepo olo tsiku limodzi. Apongozi akuti ndikumulera ngati dzira. Ndimuletse kapena ndimusiye?

Bambo wa ku Ndirande: Mayi, ZIMITSANI! Galu woyankhula, wotamuka ngati mphira, kuli mtsikana wa mano akuthwa wouluka usiku, inu n'kumafunsanso? Ife tinakula ndi nthano za Kalulu pamoto, sitinalire.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Akulu, Kalulu naye ankayankhulatu.

Bambo wa ku Ndirande: Kalulu ndi wathu! Musandisokoneze.

Mayi wa ku Mzuzu: Achemwali, mwanayo ali ndi zaka zingati? Nanga bambo ake ali pakhomo?

Mnyamata wa ku Area 25: Ine ndinaionera yonse kuyambira 2010 mpaka itatha mu 2018. Finn amayamba ali ndi zaka 12, pomaliza ali ndi 17, ndipo katuniyo imakula naye limodzi. Poyamba ndi malupanga ndi nthabwala basi. Za bambo ake a Finn, Martin, zili mu season 6. Kuli za Ice King, munthu wabwinobwino dzina lake Simon, amene chisoti chinamusokoneza mutu mpaka kuiwala Marceline, mtsikana wa mano akuthwa uja, yemwe ankamusamala ali kamwana. Zimenezo zinandiliza ine ndili ku sekondale. Finn sakomoka nazo mpaka kalekale, amazolowera pang'onopang'ono. Mukamuletsa pano, mwanayo atsala ndi chithunzi cha kuthawidwa chokhacho.

Mayi wa ku Limbe: Alamu oterowo ndinakhala nawo zaka ziwiri. Anachoka ndi wailesi yanga ndi bulangete. Athamangitseni msanga, asisi.

Wina: Mandasiwo mumagulitsira pati? Mwina tingathandize mbali imeneyo kkkk

Bambo wa ku Ndirande: Mwamva? Munthu wa sekondale kulira ndi zojambula! Ndiye mtundu ukupita kuti? Mwamuna salira. Mupatseni khasu akalime kuseri, madzulo agona yekha.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Mawu amenewo ndi amene akutipatsa anyamata osayankhula m'kalasi, bambo. Mayi, khalani naye pansi muonere limodzi gawo lotsatira, kenako mufunseni chimene chinamupweteka. Musayambe ndi kumulangiza.

Bambo wa ku Ndirande: Aphunzitsi a masiku ano ndinu amene mwaononga ana. Ine ndalera asanu popanda dikoda.

Mayi wa ku Mzuzu: Ndikufunsanso, bambo ake ali kuti?

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma za alamuwa, ndiwauze ndekha kapena ndidutsire kwa ankhoswe?