Kodi kuponya bomba la nyukiliya pa anthu wamba ndi mlandu wa pankhondo?

Kamtedza

Akuluakulu, ndithandizeni. Pa 6 Ogasiti 1945 America inaponya bomba la atomiki pa Hiroshima, pa 9 Ogasiti lina pa Nagasaki. Chaka chisanathe anthu pafupifupi 140,000 anali atafa ku Hiroshima, ku Nagasaki pafupifupi 70,000, ndipo ochuluka sanali asilikali. Palibe amene anaimbidwa mlandu. Malamulo a nkhondo amati chiyani pamenepa?

Nachisale

A Kamtedza, apa pali nkhani ziwiri: ngati chidacho n'choletsedwa, ndi mmene chagwiritsidwira ntchito. Yachiwiriyi ndi yosavuta. Pangano loyamba loonjezera mapangano a Geneva okhudza malamulo a nkhondo, la 1977, pa ndime 48 limalamula kusiyanitsa asilikali ndi anthu wamba, ndipo ndime 51 imaletsa chida chimene simungathe kuchilunjika pamalo a asilikali okha kapena kuletsa kuti zotsatira zake zisafalikire. Bomba la ku Hiroshima linali la mphamvu ngati matani 15,000 a TNT ndipo linaphulikira m'mwamba, mamita pafupifupi 600. Kutentha kunayatsa mzinda, mphepo ya kuphulikako inagwetsa nyumba, cheza choopsa cha radiation chinapha anthu patapita masabata, ndipo patapita zaka opulumuka ambiri anadwala khansa ya m'magazi. Mkulu wa asilikali angaletse bwanji zimenezi kuti zisafike pa mwana? Kuliponya pamzinda lero ndi mlandu, sindikukayika.

Mbewe

Zoona amayi, koma funso ndi la 1945, malamulo amenewo asanalembedwe. Panthawiyo panali malamulo a ku Hague a 1907, amene ndime 25 yake imaletsa kuphulitsa mizinda yosatetezedwa mwa njira ina iliyonse. Oikira kumbuyo America amati ku Hiroshima kunali likulu la asilikali, ku Nagasaki mafakitale a zida a Mitsubishi. Khoti la ku Tokyo linamva mfundo zoterezi pa mlandu wa Shimoda, umene opulumuka mabombawo anasumira boma la Japan, ndipo pa 7 Disembala 1963 linagamula kuti mabomba awiriwo anaphwanya malamulo a mayiko: kukhalapo kwa malo a asilikali mumzinda sikuloleza kupsereza mzinda wonse. Odandaulawo sanalandire chipukuta misozi. Japan inali itavomera kale pa pangano la San Francisco la 1951 kuti sidzafuna malipiro kwa America ndi mayiko ogwirizana nayo. Ku makhoti a ku Nuremberg ndi ku Tokyo, amene anazenga atsogoleri a Germany ndi Japan nkhondo itatha, palibe amene anaweruzidwa chifukwa chophulitsa mizinda ndi ndege, poti mbali zonse zinachita zomwezo.

Nachisale

A Mbewe, tisaiwale chigamulo cha khoti la ICJ, khoti lalikulu la bungwe la United Nations, cha pa 8 Julayi 1996. Linati kugwiritsa ntchito zidazi kawirikawiri kumasemphana ndi malamulo a nkhondo, koma silingagamule motsimikiza ngati dziko likudziteteza pamene latsala pang'ono kufafanizidwa. Oweruza anagawikana 7 kwa 7, pulezidenti wa khotilo Mohammed Bedjaoui ndiye anadula nkhani ndi voti yake. Mpata umenewu umandiwawa, chifukwa dziko lililonse lokhala ndi bombali lidzanena kuti lili pachiwopsezo chotero. Komabe khotilo silinalole kulunjika anthu wamba ngakhale pamenepo.

Chisale

Vuto lenileni ndi woimba mlanduwo. Khoti la ICC, lozenga anthu pa milandu ikuluikulu ngati ya pankhondo, limaweruza milandu yochitika kuyambira 1 Julayi 2002 yokha, ndiye za 1945 silingakhudze. Ndime 8 ya pangano la Rome, limene linakhazikitsa khotili, imati kuukira dala anthu wamba ndi mlandu, chida chikhale chikwanje kapena bomba, choncho wolamula kuponya angazengedwe mlandu ngakhale zida za nyukiliya sizinatchulidwe dzina. Koma America, Russia, China, India, Pakistan, Israel ndi North Korea si mamembala. Britain ndi France ndi mamembala, ngakhale povomereza pangano la 1977 lija ananenetsa kuti malamulo ake atsopano sakhudza zida za nyukiliya. Pangano loletseratu zidazi linavomerezedwa ndi mayiko 122 pa 7 Julayi 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 22 Januwale 2021, koma limamanga okhawo alowamo, ndipo mwa mayiko asanu ndi anayi okhala ndi zidazi palibe walisainira.