Madontho oyera a madzi ndi mizere pa penti wakuda: ndiyambire pati?

Axio_Yakuda

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za penti. Galimoto ndi Axio yakuda, penti wake ndi wa kufakitale, sinapoperedwepo. Timaitsuka ndi madzi a pa mjigo, ndipo ndi dzuwa la Okutobala lino madzi amauma tisanayambe n'kupukuta komwe. Pa boneti ndi padenga padzaza timadontho toyera tozungulira ngati mamba a nsomba, sopo sakutichotsa. Pa chitseko chakumanzere pali mizere itatu yaitali ya zitsamba za m'njira, ndi wina wakuya pafupi ndi chogwirira. Ikaima padzuwa penti yense amaoneka ngati ukonde wa kangaude. Anyamata a pa kawashi akuti apake kompaundi, mankhwala opalira penti aja, ndi makina galimoto yonse. Ndiwalole? Ndine mayi woti zambiri ndimakonda kuchita ndekha ngati n'zotheka.

Wopopera_Penti

Amayi, musawalole kaye. Kompaundi ndi womalizira, si woyambira.

Penti wa galimoto ndi woyalana. Pa chitsulo pamakhala primer, pamwamba pake mtundu weniweniwo, kenako clear coat, yomwe ndi yowala ija. Zonsezi pamodzi, pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan, kukhuthala kwake n'kofanana ndi pepala limodzi la fotokope, mamaikiloni 100 kapena kupitirirako pang'ono. Clear coat payokha imakhala pakati pa 35 ndi 50. Tsono kompaundi sadzaza mzere ayi. Amapala clear coat ya m'mbali mpaka itsike kufanana ndi pansi pa mzerewo, ndipo yomwe yapalidwayo sibwereranso. Zoteteza penti ku dzuwa zili mu clear coat momwemo. Ikapyapyala kwambiri denga limayamba kutuwa, kenako kusupuka ngati njoka yofundula, ndipo zikafika apo palibe polishi angathandize, n'kupopera basi.

Tiyambe ndi madontho. Madzi a pa mjigo amakhala ndi calcium ndi magnesium, zoyera zomwe zija zimakakamira pansi pa ketulo. Dontho likauma pa boneti yotentha, madzi amapita koma zimenezi zimatsala. Sopo sazisungunula, koma asidi wofooka amatero. Chitani motere.

Imikani galimoto pamthunzi, m'mawa kapena madzulo. Ikani kuseri kwa dzanja pa boneti, ngati ikutentha dikirani. Tsukani ndi shampu wa galimoto, muumitse. Sakanizani viniga woyera wa kukhitchini, uja wa 5 peresenti, ndi madzi a distilled othira mu batire, kapu imodzi viniga kapu imodzi madzi. Onetsetsani kuti botolo lalembedwa distilled water, osati asidi wa batire. Nyowetsani nsalu ya microfibre m'madzi amenewo, muiyale pa malo aakulu ngati thireyi, isiyeni pamenepo mphindi imodzi kapena ziwiri osapekesa. Chotsani, tsukuluzani ndi madzi ambiri, pukutani, onani. Mutha kubwereza kawiri kapena katatu. Musalole viniga kuumira pa penti, ndipo dziwani kuti amachotsa wakisi yense amene analipo.

Mukatero lowetsani dzanja mu jumbo ya buledi, musisite boneti pang'onopang'ono. Ngati mukumva khakhala ngati pali mchenga, pakadali zomatirira pamwamba. Apa ndi pofunika clay bar, kadongo kofewa ngati chingamu kogulitsidwa m'mashopu a zida za galimoto. Kaphwatalaleni pa dzanja, thirani madzi a shampu ambiri kuti pazitereka, kayendetseni mowongoka osakanikiza. Kakada kapindeni kuti mbali yoyera ibwere kunja. Kakagwa pansi katayeni, chifukwa katola mchenga ndipo kakala penti kuposa zitsamba zija.

Yesani zimenezi pa ngodya imodzi ya boneti, mutiuze zomwe zatsala.

Makaniko_wa_Zigwagwa

Za mizerezo, muiyeze kaye kuya kwake musanagule chilichonse. Njira zake ndi ziwiri ndipo sizilira ndalama.

Thirani madzi pa mzere. Ukazimiririka uli wonyowa n'kuonekanso pouma, uli mu clear coat mokha. Kenako dutsitsani chikhadabo mopingasa mzerewo. Chikadutsa osakodwa, polishi kapena kompaundi auchotsa. Chikakodwa, ndi wakuya, mungathe kungoufewetsa m'mbali kuti usamaonekere patali koma musalimbane nawo kuti uthe. Mukaona pansi pake potuwa ngati phulusa, mwafika pa primer. Mukaona chitsulo, dzimbiri lili pafupi, mukaona kofiirira ndiye kuti layamba kale, ndipo mvula isanagwe pafunika kutsekapo.

Palinso mizere ina yomwe si mizere konse. Mukakhudzana ndi mpanda kapena galimoto ina, penti wa chinthucho amatsalira pamwamba pa wanu. Chikhadabo chimamva chotukuka, osati chokumbika. Zotere zimachoka ndi polishi wamba pa nsalu.

Mizere ya zitsamba nthawi zambiri imakhala yosaya, ndipo dzanja limakwanitsa. Yambani ndi polishi wosalala. Akakanika ndiye mutenge kompaundi, monga Farecla G3 kapena Meguiar's Ultimate Compound. Donthezani madontho atatu aakulu ngati njere ya chimanga pa kasiponji kopakira, gwirani malo osapitirira masentimita 30 mbali zonse, pekesani mokanikiza pang'ono kwa mphindi imodzi mpaka kompaundi ayambe kuonekera mkati. Pukutani, unikani ndi tochi ya foni mopendeketsa. Mukabwereza katatu mzere ulipobe, lekani. Pa penti wakuda kompaundi amasiya chifunga, choncho mutsirize ndi polishi wosalala pa kasiponji kena koyera.

Ukonde wa kangaude uja ndi wa katsukidwe. Chisanza chimodzi chomwecho chimatsuka matayala n'kubwerera pa boneti, chidebe chimodzi, mchenga uli momwemo.

Shaini_Mzuzu

Ndikugwirizana ndi akuluakulu awiriwa, koma ndionjezepo zinayi.

Viniga ali ndi malire. Amasungunula calcium, koma m'madzi ena a pansi pa nthaka mumakhala silica, ndipo ameneyo viniga samutha. Komanso dontho likakhalitsa pa penti wakuda wotentha limadya clear coat n'kusiya kambiya kosaya, makamaka m'mphepete mwa dontholo. Zoyerazo zikachoka kamphete kamatsala. Mukamaonjezera viniga pamenepo mukungotaya nthawi, chifukwa palibenso chosungunula. Ndi kabowo tsopano, ndipo kamafuna kupala pang'ono.

Chachiwiri, ena amatenga mankhwala a asidi otsukira marimu n'kuthira pa penti ndi magalasi poti amachotsa madontho msanga. Musayerekeze. Ena mwa mankhwala amenewo ali ndi hydrofluoric acid, amadya galasi n'kulisiya lambuu mpaka kalekale, ndipo amalowa pakhungu n'kuvulaza mkati munthu asanamve kuwawa.

Chachitatu ndi makina a anyamata aja. Pitani mukawaone ndi maso. Ngati ndi grinder yodulira zitsulo yomwe aimangirira chipewa cha ubweya, bwererani. Grinder yaing'ono imazungulira maulendo opitirira 10,000 pa mphindi, pomwe makina opolishira amayendetsedwa pa 1,000 mpaka 1,500. Pa liwiro la grinder, m'mphepete mwa fenda penti amapsa m'kuphethira kwa diso, ndipo pa bampa ya pulasitiki, yomwe simwaza kutentha, amachita kukwinyika. Ngakhale makina oyenera a rotary, aja amangozungulira osagwedezeka, m'manja mwa wosazolowera amasiya mizere yonyezimira yoyenda ndi dzuwa. Otetezeka kwa wophunzira ndi a dual action, aja amazungulira akugwedezeka. Ndi amenewo gwirani malo a masentimita 40 mbali zonse, yendani pang'onopang'ono, chopingasa kenako chotsika, maulendo anayi, siponji ili chogona bwino. M'mphepete mwa mapanelo ndi pa mapulasitiki akuda matanipo tepi musanayambe.

Chomaliza: mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, polishi wa pansi wa m'nyumba. Zimenezi zimangobisa mzere masiku angapo. Brake fluid ndi thinner zisayandikire n'komwe, brake fluid amasupula penti. Ngakhale mapolishi ena a m'shopu ali ndi mafuta odzaza mizere kwa kanthawi. Kuti mudziwe zoona, mukamaliza pukutani malowo ndi isopropyl alcohol, gawo limodzi pa magawo anayi a madzi. Zomwe zikuoneka pambuyo pake ndiye ntchito yeniyeni.

Axio_Yakuda

Zikomo kwambiri achimwene nonse. Ndayesa pa ngodya ya boneti. Viniga wachotsa zoyera zambiri, koma ndikaunika ndi tochi timphete tikuonekabe. Mizere itatu ija ikuzimiririka ndikathira madzi, chikhadabo sichikukodwa. Wa pa chogwirira chikukodwa, ndipo pakati pake pakuoneka potuwa kutalika ngati chala chaching'ono. Chitsulo sichikuoneka. Wina wandiuza za sandipepa wa m'madzi. Ndigule?

Wopopera_Penti

Pa boneti ndi padenga sandipepa ayi, amayi. Amenewo ndi malo omwe dzuwa lawadya kale kuposa ena onse, ndipo popanda kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti mukhala mukupala mumdima. Timphete tomwe mukunenato tipatseni kompaundi kamodzi kapena kawiri monga afotokozera achimwene pamwambapa, kenako polishi. Boneti yonse ndi dzanja ndi ntchito ya tsiku lathunthu, choncho ngati mungabwereke makina a dual action ndi bwino. Tikatsala tochepa tooneka ndi tochi yokha, tisiyeni, clear coat yotsalayo ndi yofunika kuposa kamphete kosaoneka ndi maso.

Chinthu china choti musadabwe nacho. Nthawi zina timphete timaoneka ngati tatha pamene mukupolisha, koma mawa lake tabwerera. Kutentha kwa kupekesa kumafufumitsa clear coat pang'ono n'kutseka timabowo, ikazizira timatsegukanso. Choncho musapake wakisi tsiku lomwelo. Igone, mawa muione padzuwa, ndiye mugamule.

Tsopano mzere wa pa chogwirira. Umenewo sufuna kupala, ufuna kudzaza. Pezani khodi ya mtundu wa galimoto yanu. Pa Toyota imakhala pa kachitsulo ka m'boneti kapena pa chipilala cha chitseko, pomwe alemba COLOR kapena C/TR. Ndi ya zilembo zitatu. 202 ndi wakuda wamba, 209 ndi wakuda wa mica wokhala ndi tonyezimira. Musangonena kuti wakuda, awiriwa akakhala pamodzi amasiyana. Pitani ndi khodiyo kwa osakaniza penti wa galimoto, akupatseni pang'ono m'kabotolo, mamililita 50 ndi ambiri kale, pamodzi ndi clear coat pang'ono.

Tsukani mzerewo, pukutani ndi alcohol uja kuti musatsale mafuta kapena wakisi, apo ayi penti sagwira. Poti primer ikadalipo, simufunika ina. Musagwiritse ntchito burashi, imapaka kunja kwa mzere. Tengani kamtengo kotokosera m'mano, viikani nsonga yokha, gusitsani mkati mwa mzere kuti penti aziyenderera yekha. Pakani mopyapyala, dikirani mphindi 20 mpaka 30, pakaninso. Kawiri kapena katatu mtundu ukwanira, ndipo ulekeze pansi pang'ono pa penti wakale. Mukathira wambiri nthawi imodzi kunja kumauma mkati muli mwamadzi, ndipo pambuyo pake amanyala n'kusiya khwawa. Mawa lake dzazani kotsalako ndi clear coat mpaka itukuke pang'ono pamwamba. Ngati akupatsani ya 2K, yosakaniza ndi hardener, sakanizani madontho ochepa okha pa mlingo womwe walembedwa pa chitini, chifukwa ikasakanizidwa imalimba m'maola ochepa.

Isiyeni iume sabata yathunthu. Apa pokha ndi pomwe sandipepa angalowe, ndipo ndi wa 2500 kapena 3000, osati wokhakhala kuposa apo. Dulani kachidutswa kakang'ono, kaviikeni m'madzi a sopo mphindi 15, kakulungeni pa labala yofufutira ya ana asukulu kuti kakhale kosalala. Chala chokha chimakumba m'mbali n'kusiya chotukuka chili chomwecho. Matani tepi mbali zonse ziwiri za mzere. Palani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, pukutani, gwirani ndi chala, bwerezani mpaka chotukuka chithe. Madzi ake azioneka oyera ngati mkaka. Akangoyamba kuda, mwaboola clear coat, imani pomwepo. Malowo atuwa, musachite mantha, kompaundi ndi polishi abwezeretsa kuwala. Pafupi mudzauonabe mzerewo, makamaka ngati ndi 209, poti tonyezimira sitigona mofanana ndi topopera. Koma pa mtunda wa mapazi awiri sudzaoneka, ndipo dzimbiri sililowa.

Shaini_Mzuzu

Pa katsukidwe, kuti madontho asabwerere. Zidebe zikhale ziwiri, china cha shampu china cha madzi otsukuluzira nsalu musanaiviikenso m'thovu. Matayala akhale ndi chisanza chawochawo. Yambani mwathira madzi ambiri kuti fumbi litsike musanakhudze penti, ndipo tsukani kuchokera padenga kutsika. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi wotsukira mbale amachotsa wakisi, asiyeni.

Madzi a pa mjigo mutha kupitiriza nawo, bola asaumire pa galimoto. Tsukani panelo limodzi, tsukuluzani, pukutani ndi nsalu yaikulu ya microfibre, ndiye mupite pa lina. M'nyengo ya dzinja tungani madzi a mvula mu dilamu, osati oyamba kutsika padenga la nyumba koma apambuyo, muzitsukuluzira komaliza poti alibe calcium. Zitosi za mbalame ndi utomoni wa mango muzichotsa tsiku lomwelo, yalanipo nsalu yonyowa mphindi zisanu kuti zifewe, osakanda zili zouma.

Wakisi pakani mukatsimikiza kuti boneti yatheka, mopyapyala, ndipo muzibwereza miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, kapena mukaona kuti madzi asiya kuundana timipira pa penti. Pa mzere wa pa chogwirira paja mudumphepo mwezi wathunthu kuti penti watsopanoyo atsirize kuuma mkati.