Malogi akusowa magetsi akathima, tiwasunge bwanji?

Wa ku Ginnery:
Akuluakulu, ndipatseniko nzeru. Ofesi yathu ili ku Ginnery Corner, nthambi ku Limbe ndi ku Ndirande. Tili ndi ma router atatu a MikroTik, seva imodzi ya Windows ndi ziwiri za Ubuntu. Magetsi akangothima malogi a router (zomwe makina amalemba za zonse zochitika pa iwo) amasowa, a Windows nawo sakhalitsa. Tiwasonkhanitse bwanji, ndipo tiwasunge mpaka liti?

Mlonda wa Seva:
Achimwene, MikroTik imasunga malogi mu memory, mizere 1000 yokha, ikazima zonse zapita. Security log ya Windows imabwera ndi malire a 20 MB. Ikadzaza, zatsopano zimafufuta zakale. Choncho logi isagone pa makina amene ailemba. Patulani kompyuta imodzi ya Ubuntu, ikhale pa UPS (batire yosunga magetsi akathima), muikemo rsyslog, pulogalamu yolandira ndi kusunga malogi. Ma router azitumiza malogi ku kompyutayo pa UDP 514 (khomo lolandirira malogi), koma kudzera mu VPN (njira yobisa uthenga pa intaneti), chifukwa syslog, njira yotumizira malogiyi, imayenda yosabisa, aliyense panjira angaiwerenge. Maseva a Ubuntu azitumiza pa TCP. Mu rsyslog muwaikire queue (mzere wodikirira) ya pa disk ndi action.resumeRetryCount="-1" kuti intaneti ya ku Limbe ikaduka, uthenga udikire m'malo motayika. Pa Windows ikani NXLog, pulogalamu yotumiza malogi ku kompyuta ija.

Nachisale:
Musaiwale wotchi. MikroTik zambiri zilibe batire ya wotchi, ndiye zikayaka zimalemba nthawi yolakwika, zina mpaka chaka cha 1970. Mudzalephera kulumikiza zomwe router yalemba ndi Event 4625 ya Windows, ija ya munthu wolakwitsa password. Ikani NTP, njira yokonzera wotchi kudzera pa intaneti, pa makina onse, ndipo malogi asungidwe mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi. Ife ku Malawi tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, muzingowonjezera powerenga.

Che Disk:
Achemwali anena zoona. Ine ndingoletsa chimodzi: musathamangire Graylog, pulogalamu yaikulu yofufuzira malogi, pa kompyuta ya 4 GB RAM, ingokutsamwirani. Mafayilo wamba ndi grep, lamulo lofufuzira mawu m'mafayilo, akukwanirani. Yezani kukula kwa malogi kwa sabata imodzi musanagule disk. /var/log, foda yosungira malogi, ikhale pa partition (chigawo cha disk) yakeyake, apo ayi ikadzaza seva yonse imaima. Pulogalamu ya logrotate izipanikiza malogi ndi gzip tsiku lililonse kuti achepe kukula. Malogi a masiku 90 akhale pafupi, a chaka chimodzi pa disk ina yotsekeredwa ku nthambi ina. Malogi amakhala ndi mayina a antchito ndi ma IP, zomwe Data Protection Act ya 2024 imakhudza, ndiye owatsegula akhale anthu awiri odziwika, osati dipatimenti yonse.